Dazeni, gross, thileyi, ndowa: mafunso ndi mayankho kwa ife ochita geni kuno ku Harare

Mafunso awawa ndi omwe amabwerabwera pakati pa ife olankhula Chichewa tikukhala kuno ku Harare, kaya ndi amayi ogulitsa mazira ku Mabvuku, kaya anyamata a pa tuckshop ku Epworth, kaya achimwene amene angofika kumene kuchokera kumudzi ku Malawi nde akufuna ayambe kageni ndi mpamba wochepa. Vuto lake ndi limodzi, katundu timaoda mmadazeni, mmakireti, mmabelo, mndowa, koma pogulitsa timagulitsa chimodzichimodzi, nde phindu limatayikira pakatipo ngati munthu sudziwa kuti mu chimene wagulacho muli zingati. Gwirani ichi kuyambira pano: miyeso imeneyi ilipo mitundu iwiri. Ina nambala yake sisintha, dazeni ndi 12 kaya ku Mbare kaya ku Limbe kaya ku Guangzhou. Inayo ndi dzina chabe la chotengera, ndowa, belo, kireti, mulu, ndipo zamkatimo zimadalira amene wathira.

Dazeni ndi zingati, nanga ndingawerengere bwanji mwachangu popanda foni?

Ndi 12, hafu dazeni ndi 6. Kuti musavutike ndi mataimusi a 12 pamene wogulitsa akukuyang'anani mmaso, chulukitsani ndi 10 kaye kenako onjezani kawiri nambala ya madazeniwo. Madazeni 7 nde kuti 70 kuphatikiza 14, zikwana 84. Madazeni 15 ndi 150 kuphatikiza 30, zikwana 180. Mukazolowera zimangobwera zokha mmutu.

Kubwerera mmbuyo ndi kugawa ndi 12. Zinthu 100 ndi madazeni 8 kutsala 4, zinthu 500 ndi madazeni 41 kutsala 8.

Ndagawa 100 ndi 12 pa foni yanditulutsira 8.33, nde kuti ndi madazeni 8 ndi zinthu 3?

Ayi amwene, apapa ndi pamene anthu ambiri amapunthwa ndipo mikangano ya pakati pa mwini shopu ndi mnyamata wogulitsa nthawi zambiri imayambira pompano. Zili kuseri kwa kadonthoko si zinthu ayi, ndi gawo la dazeni, nde muyenera kulichulukitsanso ndi 12. Apa 0.33 kuchulukitsa ndi 12 zikubwera 4, choncho ndi madazeni 8 ndi zinthu 4. Chimodzimodzi mukaona 2.5 dazeni pa risiti, si madazeni awiri ndi zinthu 5, ndi madazeni awiri ndi theka, kutanthauza 30. Sungani zitatu izi basi: .25 ndi zinthu 3, .5 ndi 6, .75 ndi 9. Munthu wolemba sitoko mu kope ine ndimamulangiza kuti asiye madontho, azilemba chonchi, 8 daz + 4, olo angolemba 100 basi.

Nanga gross ndi chani? Ndaziona pa bokosi la mabatani.

Gross ndi madazeni 12, kutanthauza zinthu 144. Hafu yake ndi 72. Imagwira ntchito pa tizinthu ting'onoting'ono toti kuwerenga kamodzikamodzi nkutaya nthawi, mabatani, mapensulo, masikuluwu, mapini, choko, ndipo kale machesi amaodedwa choncho. Matelala ndi ogulitsa za sukulu ndi amene amakumana nayo kwambiri. Pa katoni imalembedwa GR kapena GRS.

Iliponso ina yaikulu, great gross, imene ndi ma gross 12, zinthu 1,728, ndi ina yotchedwa small gross imene ndi madazeni 10 basi, zinthu 120. Yomalizayi ndi yosowa koma ndaitchula dala chifukwa wina akhoza kukupatsani 120 nkumati ndi gross. Munthu akangoti gross osaonjezera mawu ena, mukuyenera kulandira 144. Zinthu 1,000 mukaziphwanya ndi ma gross 6, madazeni 11, ndi 4 zapadera.

Bwanji anasankha 12, osangoti 10 mmene timawerengera zala?

Chifukwa 12 imagawika bwino. Mukhoza kuigawa pawiri, patatu, panayi, ngakhale pa 6 popanda chotsala, pamene 10 imangolola pawiri ndi pasanu. Amayi atatu akasonkherana kuoda dazeni ya mapoto aliyense atenga 4, akakhala anayi aliyense 3, palibe wodandaula. Yesani zimenezo ndi 10 muone. Komanso 12 imalongedzeka bwino mu bokosi, mizere itatu ya zinayi, pamene 10 imangokhala mizere iwiri yaitali. Ena amati zinayambira pa dzanja lomweli, chala chachikulu chikamaloza mfundo za zala zinayi zinazo, chala chilichonse mfundo zitatu, zimakwana 12.

Koma chimene chinapangitsa dazeni kukhazikika kwathu kuno ndi ndalama zakale. Azigogo athu amene anabwera kuchokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito mmafamu, mmigodi ndi mmayadi, ambiri nthawi ya chitaganya cha 1953 mpaka 1963 ndipo ena kale kuposa apo, ankalandira mapaundi, masheleni ndi makobiri. Makobiri 12 inali sheleni imodzi, masheleni 20 inali paundi. Nde taonani kuphweka kwake, dazeni ya mazira ikakhala masheleni atatu, dzira limodzi ndi makobiri atatu, tiki imodzi, osafunanso pensulo. Mtengo wa dazeni mmasheleni unali womwewo mtengo wa chimodzi mmakobiri. Rhodesia itasintha kupita ku dola ya masenti 100 mu 1970, ndi Malawi kupita ku kwacha ya matambala 100 mu 1971, kugwirizana kumeneko kunatha, ndalama zinayamba kuyenda mmakumi koma katundu anatsala mmadazeni. Nchifukwa chake ife lero timatuluka thukuta ndi masamu amene agogo osapita kusukulu ankawachita mmutu.

Thileyi ya mazira ndi madazeni angati?

Thileyi yodzadza ndi mazira 30, mizere 5 ya mazira 6, nde ndi madazeni awiri ndi theka. Njira yosavuta ndi kukumbukira kuti mathileyi awiri ndi madazeni 5. Madazeni 10 ndi mathileyi 4. Bokosi lalikulu la mazira limalowa mathileyi 12, mazira 360, madazeni 30.

Tsopano tiyerekeze mwaoda thileyi pa $4.50, ndangopeka mtengo kuti masamu aoneke. Dzira limodzi lakudyerani masenti 15, dazeni $1.80. Kuno chifukwa cha vuto la chenji sitigulitsa kuti dzira masenti mwakuti, timati dola mazira angapo. Mukamagulitsa dola mazira 6, thileyi ikupatsani $5 ndendende, phindu masenti 50. Mukatengeka ndi mnzanu wa tebulo loyandikana nkuyamba dola mazira 7, thileyi ikupatsani madola 4 nkutsala mazira awiri, kutanthauza pafupifupi $4.29, mwaluza kale musanawerengere kombi ndi mazira osweka. Dzira limodzi lokhalo loonjezera pa dola ndi limene lasandutsa phindu kukhala ngongole, ndipo munthu akhoza kugulitsa chonchi mwezi wathunthu akusangalala kuti katundu akuyenda, mpamba ukutha pang'onopang'ono. Zimenezi zimandiwawa kwambiri ndikaziona kwa amayi amene adzuka 4 koloko mmawa kukaoda.

Katoni yalembedwa QTY 20 DOZ, ina 240 PCS, yambiri ndi iti?

Nzofanana, madazeni 20 ndi zinthu 240. QTY ndi kuchuluka kwa katundu, PCS ndi chimodzichimodzi, DOZ ndi dazeni, CTN ndi katoni, PRS ndi mapeya. Okaoda ku Johannesburg, ku Musina, ku Kariakoo ku Dar es Salaam kapena mmashopu a kumunsi kwa tauni konkuno amakumana nazo tsiku ndi tsiku.

Chenjerani ndi za mapeya. Dazeni ya masokosi ndi mapeya 12, masokosi 24. Dazeni ya masilipasi chimodzimodzi. Koma pa katoni pakalembedwa PCS pa chinthu choyenda pawiri, funsani kuti akuwerenga peya kapena phazi limodzi, ndipo tsegulani paketi imodzi muone ndi maso musanalipire.

Mtengo muziutsitsa mpaka pa chimodzi. Katoni ya madazeni 20 pa $60 ndi $3 pa dazeni, masenti 25 chimodzi. Ngati thiransipoti ndi zina zakudyerani $12 pa katoniyo, nde kuti 72 kugawa ndi 240, chimodzi chafika masenti 30. Mtengo wanu wogulitsira uyambire pa 30 kupita mmwamba, osati pa 25.

Belo la shuga muli mapaketi angati? Kumudzi tinkati 20 koma kuno andipatsa 10.

Sanakubereni mayi. Ku Malawi belo la shuga lozolowereka ndi mapaketi 20 a kilo imodzi. Kuno paketi yoyenda kwambiri ndi ya 2kg nde belo kapena kesi imakhala mapaketi 10. Konseko ndi 20kg. Pa pulasitiki yakunja pamalembedwa 10 x 2kg, nambala yoyamba ndi kuchuluka kwa mapaketi, yachiwiri ndi kulemera kwa paketi imodzi, mukachulukitsa mwapeza zonse. Mpunga ndi fulawa nazonso zimabwera choncho kawirikawiri. Mafuta ophikira, sopo, mchere, izi kampani iliyonse imalongedza mmene yafunira, nde musaloweze nambala, muziwerenga zolembedwazo ulendo uliwonse chifukwa masiku ano amachepetsa kukula kwa botolo mtengo nkukhala womwewo.

Belo la kaunjika ndi nkhani ina. Limenelo limagulitsidwa pa kulemera, ambiri amakhala 45kg ena kuposerapo, osati pa kuchuluka kwa zovala. Belo la tizovala ta ana limatulutsa zambirimbiri, la majekete kapena mabulangete limatulutsa zochepa, kulemera kofanana. Aliyense amene anatsegulapo belo ku msika wa kaunjika wa Mupedzanhamo akuuzani kuti nambala mumaidziwa mukadula waya, nde mukadula werengani zonse, patulani zabwino, zapakati ndi zong'ambika, ndipo mtengo wa belo lonse muuike pa zabwino ndi zapakatizo basi.

Kireti ya zakumwa ndi mabotolo angati, tikukonza ukwati?

Mabotolo ang'ono a galasi, monga Coke ya 300ml, kireti ndi 24, madazeni awiri. Mabotolo akuluakulu a mowa a 750ml kireti ndi 12. Anthu 150 aliyense mabotolo awiri ndi mabotolo 300, kugawa ndi 24 zikubwera 12.5, nde gulani makireti 13. Musaiwale ndalama ya dipoziti ya mabotolo ndi kiretiyo ngati mulibe zopanda kanthu zosinthitsa, ndipo muike munthu mmodzi wa komiti woti azitolera mabotolo. Zamupulasitiki ndi zamzitini zimabwera mmapaketi a 6, 12 kapena 24, onani zolembedwa.

Kusukulu akufuna rimu ya mapepala ndi makope a 2 quire, zimenezi nzotani?

Rimu ndi mapepala 500. Bokosi la mapepala a A4 limalowa marimu 5, mapepala 2,500. Ngati mukukayika kuti rimu mwagula pamsewu ndi yathunthu, iikeni pa sikelo, pepala limodzi la A4 la 80gsm limalemera magalamu 5 nde rimu yonse ndi 2.5kg kuphatikiza kachikutiro. Ikapelewera kwambiri apo nde kuti wina anasololamo. Aphunzitsi a makalasi apadera, ana 45, mayeso a maphunziro 8, aliyense mapepala 6 pa phunziro, ndi mapepala 2,160, gulani bokosi lathunthu mutsale ndi ena.

Quire ndi kamtolo ka mapepala. Masiku ano ndi mapepala 25, ma quire 20 nkukwana rimu ya 500. Kale inali mapepala 24, madazeni awiri, ndipo rimu yake inali 480. Makope akuluakulu achikuto cholimba aja amatsatabe kawerengedwe kakaleka. Amatenga mapepala akulu 24 nkuwapinda pakati, lililonse limapereka masamba 4 olembapo, nde quire imodzi ndi masamba 96. Kope la 2 quire ndi masamba 192, la 3 quire 288, la 4 quire 384. Masamba apa tikuwerenga mbali zonse ziwiri, choncho mukawerenga ndi chala mu kope la 2 quire mupeza mapepala 96, musabwerere ku shopu kukakalipa.

Thumba la chimanga la 50kg limalowa ndowa zingati?

Pafupifupi ndowa zitatu za malita 20. Ndowa ya chimanga chouma bwino imalemera makilo 17 kapena 18, nde zitatu zimapitirira 50kg pang'ono. Ndowa imodzi ndi zigoba 4 za malita 5, choncho thumba ndi zigoba pafupifupi 12. Tani ndi matumba 20 a 50kg, ndipo mukati muiyeze ndi ndowa zikhala pakati pa 55 ndi 60.

Chigoba cha malita 5 chija kuno amachitcha galoni, ngakhale galoni yeniyeni ya Angerezi ndi malita 4.55 ndipo ya ku America ndi 3.79. Dzinalo linangotsalira. Kale anthu ankayezera chitini cha parafini cha magaloni 4, chimene ndi malita 18 ndi pang'ono, ndowa ya pulasitiki ya malita 20 inabwera pambuyo kudzalowa mmalo mwake. Mgolo wa magaloni 44 ndi womwe lero timati wa malita 200, ndowa 10.

Koma apa ndi pamene ndikufuna muchedwepo, chifukwa ndowa imayeza malo osati kulemera, komanso ndowa zimasiyana. Kaimeni ku Mbare Musika mbali yogulitsa chimanga, nyemba ndi mtedza muone manja a woyeza. Wina akamagula kwa mlimi amathira mpaka pamwamba patuluke kaphiri, nkugwedeza ndowa, nkuimenya pansi kawiri kuti chimanga chikhazikike, nkuonjezeranso. Yemweyo akamagulitsa kwa inu amathira mopepuka kuchokera mmwamba, osagwedeza, kenako nkudutsitsa chikhatho pakamwa pa ndowa kusesa zapamwamba. Ndowa ndi yomweyo koma kusiyana kwake kukhoza kupitirira kilo. Ena amakhala ndi ndowa ziwiri, yogulira inafutukuka mmimba chifukwa anaithira madzi otentha nkuikankha, yogulitsira pansi pake panalowa mkati kapena anaidula mlomo. Si onse ayi, ambiri ndi anthu achilungamo amene akungofuna ana adye, koma musachite manyazi kunyamula ndowa yanu kuchokera kunyumba ndi kugwirizana musanayambe kuyeza kuti ndi yosesa kapena ya kaphiri.

Komanso musatenge makilo a chimanga nkuwaika pa mbewu ina. Ndowa ya mtedza wosasenda ndi yopepuka kwambiri poyerekeza ndi ya chimanga, makoko amadya malo. Chimanga chosauma chimalemera madzi, mukachisunga chimapepuka ndipo chimatha kuola, nchifukwa chake a GMB, bungwe la boma logula mbewu kuno, amayeza chinyezi ndipo amafuna chisapitirire 12.5 peresenti. Iwo amagula pa sikelo, mtengo wake pa tani, mmene ADMARC imagulira pa kilo kumudzi.

Agogo amati ankakolola matumba 10, nde kuti ankangopeza hafu tani?

Ayi, thumba lawo silinali lathuli. Thumba lakale la chimanga linali la mapaundi 200 kulemera kwake, pafupifupi 91kg, lachiguduli lija lofuna amuna awiri kuti alikweze pa ngolo. Matumba 10 amenewo ndi makilo opitirira 900, kutanthauza matumba 18 a masiku ano. Nde akamakamba za zokolola zawo muzichulukitsa pafupifupi kawiri musanayerekeze ndi zanu. Akamati ngolo zingapo, pamenepo palibe nambala yokhazikika, ngolo zimasiyana kukula ndipo chimanga chosatonola chimadya malo ambiri kuposa chotonola.

Nanga mulu, mtolo ndi poketi, pali nambala yake?

Palibe. Mulu wa tomato ukhoza kukhala 4 lero mawa 6 malinga ndi mmene zavutira ku msika, mtengo umakhala womwewo koma mulu ndi umene umakula kapena kuchepa. Mtolo wa repu kapena covo chimodzimodzi, nthawi yozizira masamba akachuluka umanenepa, akasowa umaonda. Phava la nthochi mumawerenga nokha zala zake. Timapaketi ta ufa, shuga ndi mafuta timene kuno amati tsaona, tija kumudzi timati wokumani, nato tilibe muyeso wa boma, ndipo mukawerengera pa kilo ndi todula kuposa paketi yaikulu, kungoti munthu amagula malinga ndi zimene zili mthumba tsiku limenelo.

Ngati ndinu wogulitsa, ntchito yanu ili pa kusintha bokosi kukhala milu. Mukaoda bokosi kapena kireti ya tomato, khalani pansi muwerenge, chotsani ophwanyika a pansi, kenako gawani. Tinene mwapeza abwino 120 ndipo bokosi ndi thiransipoti zakudyerani $8. Milu ya tomato 6 ituluka 20, pa masenti 50 mulu ndi $10, phindu $2. Mukaika 7 pa mulu ituluka 17, ndalama $8.50, mwagwira ntchito tsiku lonse padzuwa chifukwa cha masenti 50.

Poketi ya mbatatesi, anyezi kapena malalanje ndi kulemera, koma ilipo ya 10kg ndi ya 15kg, ena amapakira zochepera apo mu kathumba kofanana. Funsani makilo, osangofunsa mtengo.

Ndinamva kuti pali dazeni ya 13, nzoona?

Nzoona, imatchedwa baker's dozen. Ku England kuyambira zaka za mma 1200 kunali lamulo lokhwima pa kulemera kwa buledi, wophika akapezeka kuti wapereka wopelewera ankalangidwa, nde poopa zimenezo ankaonjezera mmodzi pa dazeni. Kuno musayembekezere zimenezo, dazeni ya mabanzi ndi 12. Chimene tili nacho ife ndi basela, koma basela ndi mtima wa wogulitsa, si muyeso, simungamukakamize. Ogulitsanu basela muziliwerengera, tomato mmodzi pa kasitomala aliyense pofika madzulo ndi milu ingapo.

Muyeso wina wa Angerezi ndi score, zinthu 20. Kuno simuumva pa msika, mungaupeze mmabuku akale basi. Pa 20 ife tili ndi makumi awiri athu, monganso zana pa 100 ndi chikwi pa 1,000. Anapiye a tsiku limodzi amaodedwa pa zana, bokosi lathunthu ndi 100, ofuna ochepa amatenga 50 kapena 25.

Chitenje cha mayadi 6 ndi mamita angati?

Yadi ndi 91.44cm, yaifupi kuposa mita ndi pafupifupi 9cm. Mayadi 6 ndi mamita 5.49, tingoti 5 ndi theka. Nsalu yathunthu ya mayadi 6 imadulidwa zitenje zitatu za mayadi awiri, chilichonse 1.83m. Azimayi a chigwirizano kapena a kwaya mukamasonkha za yunifolomu funsani telala kuti akamati 2 akutanthauza mamita kapena mayadi, chifukwa pa anthu 30 kusiyana kwake ndi mamita opitirira 5, zovala za anthu awiri kapena atatu zimenezo. Mamita 10 ndi pafupifupi mayadi 11. Fiti ndi mainchesi 12, 30.48cm, mafiti atatu nkukwana yadi, 12 uja wabweranso. Malata a mafiti 12 ndi omwe ena amati a 3.6m.

Ndikumanga kanyumba, njerwa, simenti ndi mchenga amawerenga bwanji?

Njerwa zimagulidwa pa 1,000. Lole ikabwera musalole angokhuthula mulu nkumapita, aziike mmizere yoti muwerenge, mulitali kuchulukitsa mulifupi kuchulukitsa msinkhu, ndipo mugwirizane kaye ngati zosweka pakati zikuwerengedwa. Njerwa zootcha kumafamu zimasweka zambiri panjira nde oda yanu ipitirireko pa zimene bilida wanena. Simenti thumba ndi 50kg, matumba 20 ndi tani, ngati feteleza. Mchenga ndi miyala amayeza pa kiyubu, malita 1,000. Wilibala ya abilida yosesa pamwamba imalowa malita pafupifupi 65, nde kiyubu imodzi ndi mawilibala 15 ndi pang'ono, ndipo matumba awiri a simenti amadzadza wilibala imodzi. Akakubweretserani mchenga nkumati ndi makiyubu 5, yezani bodi ya lole ndi tepi, mulitali, mulifupi ndi pamene mchenga wafika, muchulukitse mmamita.

Sikelo ndikuikayikira, ndipange bwanji?

Tengani paketi ya shuga ya 2kg yosatsegula muiike pa sikeloyo, kapena botolo la madzi, lita imodzi ya madzi ndi kilo imodzi. Onaninso kuti muvi kapena manambala ali pa ziro musanaike kanthu, ndipo mbale kapena thumba lisawerengedwe ngati katundu. Kuno kuli ofesi ya boma ya Trade Measures, pansi pa unduna wa za mafakitale ndi malonda, imene ntchito yake ndi kuyendera masikelo ndi mapampu a mafuta, mmene amachitira a Malawi Bureau of Standards kumudzi. Mukhozanso kukadandaula ku Consumer Council of Zimbabwe. Dziwani kuti sikelo ndi makilo olembedwa pa paketi ndi zimene mungatsutsane nazo ndi umboni mmanja, za ndowa ndi mulu zimathera pa kugwirizana kwa inu awiri pamsikapo.

Ndikutumiza katundu kumudzi pa basi, pa pepala ndilembe madazeni kapena chimodzichimodzi?

Lembani zonse ziwiri pa mzere umodzi, mwachitsanzo makapu madazeni 4, onse 48, mabulangete 6, shuga belo limodzi la 10 x 2kg. Katundu wochoka kuno kudzera pa Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza amadutsa mmanja ambiri, kondakitala, a kasitomu mbali zonse, ndi wachibale amene akalandire ku Blantyre, ndipo aliyense mawu oti belo kapena katoni amawamva mwake. Pepala limodzi mupatse wonyamula, lina muike mkati mwa katoni pamwamba musanamate, ndipo lijambuleni mutumize pa WhatsApp kwa wolandira kuti awerenge katunduyo basi isanachoke pa depoti. Ngati mukutumiza ndalama yoti akuguliireni chimanga konko, auzeni makilo kapena matumba a 50kg oyezedwa pa sikelo, chifukwa ndowa ya ku Lunzu inu simunaione.